Pilo wa a Gwedeza

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu adatopa asanafikeko kudali dziko lotchedwa Takhuta. Musaseke dzinalo, eni ake ankalitchula ataimirira. M'dziko limeneli simudagwepo njala chiyambire, ndipo amene adali ndi maganizo ena pankhaniyi adaikidwa m'manda mwaulemu, m'mabokosi osavuta kunyamula.

Mwinidziko adali Chidyeratu Wachitatu, munthu wofatsa, wosekerera, wa masaya ngati mabanzi ongotuluka mu uvuni. Sadatukwanepo munthu, sadaphepo ngakhale ntchentche. Ndikunena izi kuti musamuyese chilombo, pakuti ambiri amaganiza kuti dziko limaphedwa ndi mafumu aukali okha. La Takhuta linkaphedwa ndi ulemu.

Lamulo lake lidali lotere. Chimanga chikauma, banja lililonse linkasenza zokolola zake kupita nazo ku Nkhokwe Yaikulu ya ku likulu, n'kutsala ndi tochepa tongokwanira miyezi yoyamba. Boma linkati likusungira anthu, chifukwa munthu wamba akakhala pafupi ndi chimanga chake amayamba kuchidya. Makolo adanena kale kuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, koma mwambi umenewu udachotsedwa m'mabuku a sukulu, ati ndi wautali, ana amavutika kuuloweza. Nkhokweyo inkayenera kutsekulidwa njala ikagwa. Ndipo oyenera kunena kuti njala yagwa adali anthu eni ake, kamodzi pachaka, pa mwambo wotchedwa Chiitano.

Chiitano chinkachitika mu Febuluwale, mvula ili mkati, chimanga cha m'munda chikungomasula kumene, m'nyumba mulibe ngakhale choti khoswe n'kubwerera. Mwinidziko ankakhala pa nsanja kubwalo la nyumba yachifumu, patsogolo pake pali mpunga, nyama ya mbuzi, nkhuku zootcha ndi zina zimene anthu wamba ankangozidziwa ndi mphuno. Ankanyamula jagi ya madzi, n'kuipendeketsa pamwamba pa beseni, n'kunena mokoma kuti, "Anthu anga, tiyeni tidye."

Tsono inu mudaleredwa pakhomo pa anthu, mukudziwa. Ukapeza munthu akudya iye n'kukuitana, suthamangira mbale ngati galu. Umati, "Zikomo, ndakhuta." Mwinichakudya amaitananso kachiwiri, mwina kachitatu, kenaka iwe umasamba m'manja uku ukuchita ngati wakakamizidwa. Ku Takhuta zidali chimodzimodzi, kupatula kanthu kamodzi kakang'ono. Agogo ake a Chidyeratu adathetsa kuitana kwachiwiri, ati kumataya nthawi chakudya n'kumazizira.

Popeza khamu lonse silingayankhe pakamodzi popanda wina kulakwitsa, padali udindo wa Woyankha Wamkulu. Mwa lamulo, pakamwa pake padali pakamwa pa anthu onse, ndipo manja ake adali manja a anthu onse. Iye akati, "Zikomo, Mwinidziko, takhuta," ndiye kuti dziko lonse lakhuta, Nkhokwe ikhala yotseka chaka china. Zikatero Mwinidziko ndi nduna zake ankadya chakudya chija anthu akuonerera, kuopa kuti chingawonongeke.

M'masiku amene ndikunenawa Woyankha adali a Gwedeza, bambo wamtali, woonda ngati bango, amene adalandira udindowu kwa atsibweni awo pamodzi ndi nyumba ya malata, mkanjo wofiira ndi pilo. Pilo ameneyu sadali wogonera. Ankamumangirira pamimba kunsi kwa mkanjo pa tsiku la Chiitano, chifukwa sizikadaoneka bwino kuti munthu wonena kuti takhuta nthiti zake zizichita kuwerengeka. Adali pilo wa thonje lakale, wolemera ndithu, atamwa thukuta la Oyankha ambiri.

A Gwedeza adali ndi mwana wamkazi, Lekeleni, amene ankagulitsa ndiwo pa msika wa Penyachabe. Pamwamba pa benchi lake pankakhala matimati, kunsi kwa benchi bonongwe ndi chisoso, zimene ankagulitsa monong'ona ngati chamba. Boma lidaletsa masamba omera okha pamsika, ati amapatsa alendo chithunzi chakuti anthu a ku Takhuta amadya tchire. Mwamuna wa Lekeleni adapita kukasaka maganyu kutsidya kwa malire, ndipo adali asanaipezebe njira yobwerera. Adamusiyira mwana wamkazi, Tinyade, wosakwana zaka zitatu.

Chaka chimenecho Tinyade adayamba kusintha. Tsitsi lidafiira n'kuyamba kuthothoka, timapazi tidatupa, ndipo adasiya kulira, chimene chidamuopsa Lekeleni kuposa zonse. Adapita naye kuchipatala. Adokotala adayang'ana mwanayo, adayang'ana kuchitseko, kenaka adanena motsitsa mawu kuti dzina la matendawa lidaletsedwa, koma mankhwala ake ndi phala m'mawa ndi madzulo. Ufa wa phalalo udali mu Nkhokwe Yaikulu, kuseri kwa loko wamkulu ngati mutu wa mbuzi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lekeleni adasonkhanitsa anzake a pamsika: anyamata a kabaza, atsikana ogulitsa madzi, osenza katundu, ndi ena amene adamaliza sukulu n'kupatsidwa ufulu wokhala pansi pa mtengo. Wachiwiri wake adali Sipiliyano, mnyamata wa kabaza amene pakamwa pake padalibe mabuleki, ngati njinga yake yomwe. Adagwirizana zokaonekera ku bwalo la nduna.

Nduna zidawalandira bwino kwambiri, ndipo ku Takhuta chimenechi ndicho chinkaopsa. Zidawapatsa mipando kuseri kwa chipilala. Lekeleni adaimirira mwana ali kumbuyo, n'kunena zinthu zitatu mosazungulira: Nkhokwe itsekulidwe tsopano lino, banja lililonse lizisunga lokha chimanga chake, ndipo bonongwe abwerere pamwamba pa benchi.

Amene adayankha adali a Kamlomo, Nduna ya Ulemu ndi Makhalidwe, bambo wonenepa mpaka m'zala.

"Ana anga," adatero a Kamlomo atagwira pachifuwa, "mwandikhudza mtima. Ndi dziko liti lina limene achinyamata ake amayankhula momveka chonchi, ndi mawu amphamvu chonchi? Kodi munthu wosadya angayankhule chonchi? Inu nomwe ndinu umboni wakuti ndondomeko yathu ikuyenda."

Nduna zidawomba m'manja.

"Bwana," adatero Lekeleni, "taonani mwanayu. Tsitsi lafiira."

"Ndaona, mayi. Ena amalipira kusaluni kuti lifiire choncho. Koma ndisaiwale mfundo yaikulu. Inu achinyamata ndinu atsogoleri a mawa. Dzikoli ndi lanu mawa. Nkhokwe ija ndi yanu mawa."

"Nanga tidye liti, bwana?" adafunsa Sipiliyano ali kuseri kwa chipilala.

"Ndanena kale, mnyamata wanga. Mawa."

Nkhani ija idaperekedwa ku Komiti Yofufuza Ngati Kuli Koyenera Kufufuza, komiti yotchuka chifukwa chikhazikitsidwe sidamalizepo chinthu chilichonse kupatula chakudya chamasana. Achinyamata adapatsidwa zipewa zolembedwa kuti "Mnyamata Wokhuta, Dziko Lolimba." Akutuluka, bwalo lili zii, m'mimba mwa Sipiliyano mudalira kulira kwautali, kokwera ndi kutsika, mpaka mlembi adagwetsa cholembera.

M'mawa mwake ng'oma ya boma idalira pa Penyachabe, ndipo wolengeza adawerenga lamulo latsopano. Kuyambira tsiku limenelo, kulira kwa m'mimba pagulu kudzatengedwa ngati kuwomba m'manja kwa m'kati, kumene thupi limayamikira nako boma palokha, mosakakamizidwa.

"Ndiye ine ndimachezera kuyamikira boma," adatero mayi wina wogulitsa makala, "mpaka amuna anga amadandaula kuti sakugona."

Mkulu wosoka nsapato adati mimba yake idayamikira mpaka idasasa mawu. Anthu adaseka pang'ono, mosamala, poti kuseka nako kumadya mphamvu.

Chiitano chitayandikira, Lekeleni adapita kwa bambo ake. Adawapeza kuseri kwa nyumba atayanika pilo uja padzuwa, akumukuntha ndi kamtengo uku akuyeserera mawu awo a ntchito, kuti atuluke onona.

"Ababa, chaka chino muyankha chiyani?"

"Funso lanji limenelo? Chimene ankayankha atsibweni."

"Mwakhuta, ababa?"

A Gwedeza adapitiriza kukuntha pilo. "Kukhuta ndi nkhani ya mumtima."

"Dzulo mwagonera nkhwani wopanda mchere. Ndaona mphika."

"Mwanawe, ine ndidaleredwa. Munthu savomera chakudya poitanidwa koyamba. Ukufuna dziko lonse lizinditcha wosusuka? Dzina limenelo silichoka ndi sopo. Lidzakutsata iwe, lidzamutsata Tinyade mpaka tsiku la ukwati wake."

"Akadzafika pa tsikulo."

Kamtengo kadaima m'mwamba. A Gwedeza adayang'ana mdzukulu wawo, amene adali duu kumbuyo kwa amake, maso ali pamtunda, kenaka adabweza maso msanga.

"Sudaonepo iwe?" adatero motsitsa mawu. "Chaka chilichonse ndikayankha ndimakhala kaye chete pang'ono. Ndimawapatsa mpata. Tsiku lina Mwinidziko adzaitana kachiwiri, ndipo tsiku limenelo ndidzavomera mwaulemu wake, popanda wotinena."

Ndikuuzeni zoona, pamenepa ine a Gwedeza amandimvetsa chisoni kuposa kundikwiyitsa. Munthu adamera imvi akudikira kuitana kumene kudathetsedwa iye asanabadwe.

Lekeleni adabwerera kumsika, n'kupeza anzake atakhala pa mabenchi opanda malonda. Sipiliyano adali atabwereka nyundo, ndipo maganizo ake onse adali pa loko uja.

"Nyundoyo ibise," adatero Lekeleni. "Asilikali amadya kawiri patsiku, ife tikathamanga pang'ono timaona mdima. Tandiyankhani ichi. Kwanu mlendo akathiridwa madzi m'manja, amabwezedwa?"

"Amabwezedwa bwanji? Ameneyo ndi wodya basi."

"Nanga mwininyumba amayamba kudya mlendo asanakhute?"

"Ayi. Amadikira mlendo anene yekha kuti wakhuta."

"Mbale zikatha mlendo akadali ndi njala?"

"Amakatapa kunkhokwe, nanga achite manyazi?"

"Basi. Agogo awo a Mwinidziko adathetsa kuitana kwachiwiri, koma beseni adaliiwala. Mwambo wa beseni ukadalipo. Ndipo Mwinidziko amayamba kuthira madzi asanamve yankho, poti yankholo amalidziwa kale ndipo nyama imakhala ikuzizira. Chaka ndi chaka madzi aja amangogwera mu beseni lopanda manja."

"Ndiye tithamangireko tonse," adatero Sipiliyano.

"Manja athuwa ndi manja wamba, atibweza pamakwerero pomwe. Manja amene lamulo limawadziwa ndi a Woyankha. Akanyowa amenewo, lanyowa dziko lonse."

Sipiliyano adakanda m'mutu. "Ndiye zatha, achemwali. Madala anu aja angalole kufa kusiyana ndi kutchedwa osusuka."

"Ababa ndisiyireni ine. Inu mudzabwere aliyense ndi mbale yake, mudzaime kutsogolo."

Adanena molimba mtima, koma m'kati adali ndi mantha, chifukwa bambo akewo ankawadziwa, ndipo mapazi a Tinyade adali atatupa kufika m'maondo.

Chinsinsi cha pamsika chimayenda msanga kuposa kabaza. A Kamlomo adaitanitsa a Gwedeza ku ofesi kwawo, n'kuwapatsa mpando wa khushoni. Sadawaopseze, ayi ndithu, ku Takhuta anthu saopsezana. Adangowafunsa ngati nyumba ya malata ija ikudontha. A Gwedeza adati siikudontha. Adawafunsanso ngati kumudzi kwawo nyumba ya udzu ikadalipo. A Gwedeza adati idagwa kalekale.

"Pepani," adatero a Kamlomo. "Ndiye muisamale ya malatayi. Mwana wanu uja ndi wanzeru, kungoti nzeru zikachuluka zimadonthetsa denga."

A Gwedeza adathokoza chifukwa cha malangizo, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Tsiku la Chiitano lidacha bwino. Bwalo lidadzaza, fungo la nyama likuyenda pakati pa anthu ngati wokhometsa msonkho. Kutsogolo kudaima achinyamata a pa Penyachabe atavala zipewa zawo za boma, aliyense atagwira mbale yopanda kanthu. Kubwera ndi mbale paphwando n'chamanyazi kulikonse, ndipo akuluakulu ena adayang'ana kumbali. Koma a Kamlomo sadali munthu wosowa chonena. Adatenga chimkuzamawu.

"Taonani achinyamata athu. Abweretsa mbale zawo kudzaonetsa Mwinidziko mmene adyera. Mbee, mpaka kunyambita."

A Gwedeza adatulukira atavala mkanjo wofiira, mimba ya thonje ili patsogolo, akuyenda pang'onopang'ono pa kanjira kopita kunsanja. Lekeleni adali ataima m'mphepete mwa kanjirako. Bambo ake atafika pafupi, iye adamasula mwana kumbuyo.

"Ababa, tandigwirirani mwanayu ndimange bwino nsalu."

Palibe gogo amene amakana mawu amenewa. Manja amangotambasuka okha mutu usanaganize. A Gwedeza adalandira mdzukulu, ndipo Lekeleni adabwerera m'mbuyo n'kulowa m'khamu, akulimbana ndi nsalu imene tsiku limenelo idakana kumangika. Ng'oma idalira. Woyankha saima ng'oma ikalira, choncho adakwera makwerero mwana ali m'manja.

Adali asanamunyamule Tinyade chikololere. Ankamusekerera patali, kumugwira tsaya, koma kumunyamula ankapewa, ndipo mwina ankadziwa chimene ankapewa. Tsopano pokwera makwerero aja adamva zinthu ziwiri pathupi pawo. Pilo ankawakoka m'chiuno mpaka chingwe kuwadya. Mwana sankawakoka paliponse. Thonje lakale lija lidali lolemera kuposa mdzukulu wawo.

Mwinidziko adamwetulira poona Woyankha wabwera ndi mwana, adayesa ndi zokometsera mwambo. Adanyamula jagi, n'kuipendeketsa, madzi n'kuyamba kulira mu beseni.

"Anthu anga, tiyeni tidye."

"Zikomo, Mwinidziko," adatero a Gwedeza.

Bwalo lonse lidadikira liwu lotsala lija. A Kamlomo ankalitchula ndi milomo yokha, maso ali tong'o. Nduna ina idali itagwira kale mwendo wa nkhuku. Lekeleni adasiya nsalu.

A Gwedeza adagwada. Adakhazika Tinyade pa bondo, adatenga timanja take n'kutiika m'kati mwa manja awo, kenaka adawatambasula pansi pa jagi.

Madzi adagwera pa manja. Mwinidziko adatsekula pakamwa, koma poti nayenso adaleredwa, ndipo munthu sadukiza madzi mlendo ali mkati mosamba, adapitiriza kuthira mpaka jagi idatha.

Kenaka kumbuyo wina adanong'ona kuti, "Wosusuka."

"Ngati ndi choncho tasusuka tonse," adatero mayi wa makala uja, "manja ajatu ndi athu. Tasenderani ndidutse."

Sindikufuna kukunamizani kuti anthu adadya mwadongosolo. Achinyamata adayesetsa, adaika ana ndi amayi oyamwitsa patsogolo, koma chakudya chokonzera Mwinidziko ndi nduna zake, ngakhale chinkaoneka ngati phiri, chidatha msanga ngati mame. Mwendo wa nkhuku uja udachoka m'dzanja la nduna mwaulemu, wotengayo atagwada. Mbale zitayera, khamu lidatembenuka n'kuyang'ana mwininyumba. Mwinidziko adayang'ana a Kamlomo, a Kamlomo adayang'ana kumwamba, ndipo kumwamba sikudanene kanthu.

"Katsekuleni," adatero Mwinidziko ndi mawu aang'ono.

Kiyi adapezeka, koma loko adali atachita dzimbiri mpaka kuiwala ntchito yake. Pamenepo nyundo ya Sipiliyano idatulukira yokha m'malaya, ndipo idagwira ntchito ya boma ndi chilolezo cha nduna. Chitseko chitatseguka, anthu adaona chimanga chawo. Mbali ina matumba adali atachoka, pansi pali mapazi a nsapato zodula opita kukhomo la kuseri, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye anthu adangowayang'ana mapaziwo n'kuwasunga mumtima. Mbali ina matumba a zaka zam'mbuyo adali atasanduka fumbi, m'kati muli anankafumbwe onenepa, oyenda monyada, nzika zokhazo zimene dzina la dziko linkazinenera zoona. Komabe chotsala chidali chambiri. Amayi adapeta, zigayo zidalira, moto udayaka bwalo lonse, ndipo phala la ana ndilo lidayamba kupsa.

Nthawi yonseyi Mwinidziko adali pa nsanja ndi jagi yake yopanda madzi. Mwininyumba sadya alendo asanakhute, ndipo nduna zonse zidali za m'nyumba mwake. Dzuwa lidafika pamutu, lidapendeka. Chidyeratu Wachitatu, amene chibadwire adali asanadumphitsepo ngakhale tiyi wa m'mawa, adayamba kusinthasintha pampando.

"A Kamlomo," adanong'ona, "muli chinthu chikundiluma m'katimu. N'chiyani chimenechi?"

"Chilibe dzina, Mwinidziko. Tidaliletsa."

Pomwepo m'mimba mwa Mwinidziko mudalira, ndipo chimkuzamawu chimene a Kamlomo adaiwala kuzimitsa chidafikitsa kulirako mpaka kumsika.

"Tamvani," adatero Sipiliyano akupukuta pakamwa, "Mwinidziko akutiwombera m'manja."

A Kamlomo adatsika pa nsanja. Adapeza a Gwedeza atakhala m'munsi mwa makwerero, atamasula pilo uja n'kumukhalira, mkanjo ukulendewera ngati pa msomali. Tinyade adali pamiyendo pawo.

"A Gwedeza, m'bale wanga, tanenani liwu lija. Limodzi lokha. Anthutu akhuta."

"Ine pakamwa panga si panga, bwana, ndi pa anthu. Funsani amake Tinyade ngati akhuta."

"Za lero tadya, bwana, zikomo," adatero Lekeleni. "Koma tidabwera kwanu ndi zinthu zitatu, ndipo chachitika n'chimodzi. Chimanga cha chaka chino chigone m'nyumba za eni ake. Bonongwe akwere pa benchi."

"Mayi, nkhani zimenezo zili ku komiti."

"Tidikira, palibe changu. Mudatiphunzitsa nokha kuti kudya mawa sikupha."

Komiti Yofufuza Ngati Kuli Koyenera Kufufuza idakumana pomwepo, choimirira, popanda tiyi. Akuti sipadakhale wotsutsa, sipadakhale wopempha kuti akaonere kaye mmene maiko ena amachitira. Idavomereza zonse ziwiri mthunzi wa nsanja usanasunthe, ndipo wapampando adatuluka akulira misozi, ati sankadziwa kuti komiti ingathe kumaliza chinthu.

"Tsopano liwu lija," adatero a Kamlomo.

"Ku Takhuta lamulo limakhala lamulo ng'oma ikalira pamsika m'mawa," adatero Lekeleni. "Linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Ng'oma ikalira mawa, ababa adzayankha."

Musaganize kuti kuyambira pamenepo dzikolo lidasanduka paradizo. Ng'oma idaliradi, chimanga chidayamba kugona kwa eni ake, bonongwe adakwera pa benchi n'kukwera mtengo tsiku lomwelo. Koma nyumba ya malata ija idapezeka kuti ikudontha kwambiri moti a Gwedeza adayenera kutulukamo kuti ikonzedwe, ndipo ikukonzedwabe. Adakakhala kwa Lekeleni, ndipo mpaka lero alipo ena amene akawaona amanong'ona dzina lija losachoka ndi sopo, uku akutafuna chimanga chawochawo. A Kamlomo adakwezedwa kukhala Nduna ya Achinyamata, ndipo m'zoyankhula zawo amafotokoza mmene nzeru ya beseni idawabwerera m'maloto.

Koma chimene ine ndimakonda kukumbukira ndi cha madzulo a tsiku lomwe lija, dzuwa litafiira. A Gwedeza ankamwetsa mdzukulu wawo phala ndi kasupuni, pang'onopang'ono monga adanenera adokotala. Adachedwa pang'ono kuuzira, ndipo Tinyade adakwinya nkhope n'kulira, kulira kwenikweni kwa mwana wolusa, koyamba m'miyezi yambiri. Lekeleni adakhala pansi n'kubisa nkhope mu nsalu chifukwa cha chimwemwe.

A Gwedeza atakweza mutu adaona kuti pamwamba pa makwerero pali maso awiri akutsata kasupuni kaja, popita ndi pobwera. Munthu woleredwa sadya wina akuyang'ana, ndipo mwambo suletsa mlendo kuitanira mwininyumba pa mbale yake.

"Mwinidziko," adatero a Gwedeza, "tiyeni tidye."

Chidyeratu Wachitatu adameza malovu. Adayang'ana phala, adayang'ana khamu la anthu ake, onse ali maso pa iye.

"Zikomo," adatero, "ndakhuta."

Atatero adakhala kaye chete pang'ono, akupereka mpata. A Gwedeza adakuzindikira kukhala chete kumeneko, pakuti kudali kwawo kwa zaka zambiri. Adatapa phala, adauzira, n'kumwetsa mwana. Adali munthu womvera malamulo a dziko lake, ndipo sadaitane kachiwiri.